Kalasi yamadzulo ya pa Chitakale, ya ife amene Chingerezi timachidziwa koma timachiopa

Pa Chitakale, chakuseri kwa mashopu, kufupi ndi pamene msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira, pali kachipinda kamene madzulo kamasanduka kalasi. Panja palibe chikwangwani, anthu amangouzana. Amaphunzitsamo ndi mayi ena achikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa ku sekondale, ndipo tonse timangowatchula kuti aMadamu. Timakumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kuyambira 5 koloko madzulo, kwa ola limodzi ndi theka, ndipo malipiro ake ndi K12,000 pa mwezi. Sakonzekeretsa munthu mayeso, salembetsa manotsi a galamala. Ntchito yawo ndi imodzi basi: kuti munthu amene Chingerezi chili m'mutu mwake atsegule pakamwa n'kuchilankhula. Anzanga ambiri a ku phiri la Mulanje akhala akundifunsa ngati kalasiyi ikugwirizana ndi ndalama yake. Yankho langa ndi lakuti inde, kwa munthu wa vuto ngati langa, koma pali zina zimene muyenera kudziwiratu musanatulutse ndalama m'thumba.

Ine ndimanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo maulendo athu ambiri amayambira ku Likhubula. Njira ndimazidziwa: ya Skyline ndi ya Chapaluka zopita ku Chambe, ya ku Lichenya, ndi ija yochokera ku Chisepo kukafika pa Sapitwa, pamwamba penipeni, mamita 3,002. Ndimadziwa pamene mwala umaterera kukagwa chifunga, ndimadziwa mtsinje umene suwolokeka mvula ikagwa kumtunda. Koma pa ntchito yathuyi ndalama yooneka imapita kwa gaidi, wotsogolera alendo, ndipo chimene chimasiyanitsa gaidi ndi wonyamula katundu nthawi zambiri ndi pakamwa. Sukulu ndinafika Fomu 4. Nyuzipepala ya Chingerezi ndimawerenga, meseji ya pa WhatsApp ndimayankha popanda wondithandiza. Koma mlendo akangotembenuka pa njira n'kundiyang'ana kuti andifunse kanthu, mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu, m'manja thukuta lokhalokha, kukhosi kuuma gwaa, mawu onse amene ndimawadziwa n'kubalalika ngati anapiye aona kabawi. Ndinkangomwetulira n'kuloza gaidi. Chopweteka kwambiri n'chakuti tikayendako pang'ono, yankho linkabwera m'mutu lathunthu, loongoka bwino, mwini funso ataiwala kale kuti anafunsa.

Tsiku loyamba aMadamu sanalankhule Chingerezi ngakhale pang'ono, ndipo ena anang'ung'udza kuti talipira ndalama kudzamva Chichewa. Anatikhazika mozungulira n'kufunsa aliyense funso limodzi: "Anayamba kukusekani ndani?" Tinalipo anthu a ntchito zosiyanasiyana. Panali bambo ena, kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, amene m'munda amalamula chikhamu cha anthu ndi mawu amphamvu, koma bwana akawaitanira ku ofesi amachita chibwibwi. Panali mlangizi wa zaumoyo amene amaopa mawekishopu chifukwa kumeneko aliyense amayenera kuimirira n'kudzifotokoza. Panalinso mayi a m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Iwowa anatiuza kuti pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kutabwera alendo a mabungwe kudzafunsa za chionongeko, iwo ndi amene ankadziwa nyumba iliyonse imene inagwa ndi banja lililonse limene linataya munthu. Koma anakhala chete n'kusiyira mnyamata wina wodziwa kuthyola Chizungu, amene anafotokoza theka lokha la nkhaniyo. Mayiwa polankhula misozi inali ikulengeza m'maso. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasowa yankho la funso la aMadamu. Aliyense ankakumbukira womusekayo, kalasi yake, ngakhale malo amene anaima.

Langa linali la ku pulayimale. Pa sukulu yathu panali kathabwa ka chingwe kamene ankakoleka m'khosi mwa mwana wopezeka akulankhula Chichewa kapena Chilomwe. Ukakavala unkayenera kusakasaka mnzako woti umupatsire, ndipo amene kamutsalira Lachisanu ankatchetcha bwalo. Kathabwako sikanatiyambitse kulankhula Chingerezi, kanatiphunzitsa kukhala chete. Ukalankhula Chichewa, chilango. Ukayesa Chingerezi n'kuphonya, kalasi yonse kufa nako kuseka, nthawi zina mpaka aphunzitsi omwe. Chotsala chinali kutseka pakamwa, ndipo ena a ife takula nacho chizolowezicho mpaka kumera ndevu.

Funso lawo lachiwiri ndi limene ndakhala ndikuliganizira mpaka lero. Anafunsa kuti ndani amapita ku msika wa Limbuli kapena kuwoloka pa Muloza kukagula zinthu ku Milange. Ambiri tinakweza manja. "Nanga mukakumana ndi wamalonda wosamva Chichewa mumatani?" Tinayankha kuti timangoponyaponya ka Chipwitikizi kathu kotola m'njira: moni, manambala, kunenerera mtengo. "Mtima umagunda?" Ayi ndithu, sugunda. Chipwitikizi changa n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi Chingerezi, koma ndimachilankhula mosaopa, ndikaphonya timaseka tonse awiri n'kupitiriza malonda. Chilomwe nachonso ndimachilankhula chothyokathyoka, agogo amandikonza pamaso pa anthu, koma manyazi sindichita. Ndiye kuti chotiopsa n'zimene tinakoleka pa Chingerezi m'dziko muno. Kuyambira nthawi ya atsamunda, ngakhale pambuyo pa 1968 pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chingerezi ndicho chatsalabe chipata cha chilichonse. Ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sutenga, kaya masamu ndi sayansi wakhoza bwanji. Malamulo a dziko amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Maintavyu a ntchito ambiri ndi m'Chingerezi, ngakhale ntchitoyo ukailowa uzidzalankhula Chichewa tsiku lonse. Choncho ukamalankhula Chingerezi pa gulu umadziwa kuti anthu akukuyeza: sukulu unafika nayo pati, ndiwe wa kumudzi kapena wa m'tauni, m'mutumo muli nzeru kapena ayi. Thupi limazidziwa zimenezi iwe usanaziganize, n'chifukwa chake limanjenjemera.

AMadamu anatiuzanso kuti manthawa si a Amalawi okha. Mu 1986, Elaine Horwitz wa ku yunivesite ya Texas ku America, pamodzi ndi anzake awiri, analemba za nkhawa imene imagwira anthu m'kalasi ya chilankhulo chachilendo. Anaigawa patatu: kuopa kulankhula ndi anthu, kuopa mayeso, ndi kuopa kuweruzidwa ndi ena. Anakonzanso ziganizo 33 zoti munthu azinena ngati zikumukhudza. AMadamu anatiwerengerako zina atazimasulira, monga chonena za kunjenjemera ukadziwa kuti aphunzitsi atchula dzina lako, ndi chonena za kuona ngati anzako onse akukuposa. Manja ankakwera chipinda chonse. Zinandilimbitsa mtima kumva kuti ophunzira a ku America, amene ife timawaona ngati eni Chizungu, nawonso amauma pakamwa akamaphunzira chilankhulo cha eni. Alendo aja amene amayesa kupereka moni m'Chichewa n'kufiira nkhope, masiku ano ndimawamvera chisoni, ndipo ndimawayankha pang'onopang'ono.

Malamulo a m'kalasimo ndi ochepa koma amawagwiritsitsa. Kuseka mnzako akaphonya n'koletsedwa, ndipo si zongonena pakamwa. Mnyamata wina wa kabaza anaseka pamene mayi a m'komiti aja anasokoneza katchulidwe. AMadamu anaimitsa zonse n'kumuuza mofatsa kuti, "Achimwene, mwalipira kuti mudzaphunzire, mayiwanso alipira. Kuseka kumeneko ndi kumene kwatisonkhanitsa muno tonsefe." Sanabwerezenso, ndipo lero ndi iyeyo amene amawaperekeza mayiwa pa njinga kukada.

Chinthu chamtengo wapatali kuposa zonse kwa ine n'chakuti munthu akamalankhula samudula pakati kuti amukonze. Amakhala pakona ndi kope lawo n'kumalemba, ndipo kumapeto amaika zolakwikazo pa bolodi popanda kutchula mwini wake, tonse n'kuzikonzera limodzi. Nthawi zambiri umapeza kuti cholakwika chimene umati n'chako ena atatu akuti n'chawo. Kusukulu unkayamba chiganizo khutu lili tcheru kudikira pamene akudule, ndiye theka la mutu linkakhala pa mantha, theka lokha pa zimene ukunena. Muno umadziwa kuti ufika kumapeto kwa mawu ako. Liwu likakusowa umaloledwa kuponyapo la Chichewa n'kupitirira, bola usaime. Ena amati kumeneko n'kulekerera ulesi. Ine ndaona kuti munthu akangoima kufunafuna liwu limodzi ndi pamene mantha amapeza polowera, ndipo akalowa chiganizo chonse chimafera pomwepo.

Sakuimiritsa kutsogolo sabata yoyamba. Mumayamba awiriawiri, chipinda chonse chili phokoso, kotero palibe akukumvetsera kupatula mnzakoyo. Kenako mumakhala anayianayi. Kuima pamaso pa onse kumabwera mochedwa, ndiponso amakuuziratu tsiku kuti ukonzekere. Nkhani zake sizichokera m'buku, aliyense amalankhula za ntchito yake. Bambo kapitawo anatifotokozera kathyoledwe ka tiyi, masamba awiri ndi kansonga, ndi chifukwa chake masamba othyola sayenera kuchedwa kufika ku fakitale. Mlangizi anatifotokozera za sikelo ya ana ndi katemera. Munthu akamanena chinthu chimene amachidziwa kuposa onse m'chipindamo, mapewa amaongoka okha, ndipo Chingerezi chimatsatira pambuyo.

Tsiku langa litafika, bambo kapitawo aja anakhala mlendo, ine gaidi. Anandifunsa chifukwa chake anthu a kuno amaopa Sapitwa. Nkhani imeneyi ndimaidziwa kuyambira ndili mwana: za mizimu ya makolo imene amati imakhala kumeneko, za chakudya chimene munthu angachipeze chokonzakonza m'njira, chimene amati uzingodya wekha osaitana mnzako. Ndinanena ziganizo ziwiri, chachitatu chinakana. Ndinayang'ana bolodi, ndinayang'ana nsapato zanga, m'makutu munayamba kulira. Chipinda chonse chinali zii. AMadamu sanandiponyere liwu, sanauze wina kuti andithandize. Anangoti, "Achimwene, pumani kaye. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsani. Tiuzeni m'Chichewa chimene mukufuna kunena, kenako muchinene m'Chingerezi cha mawu ochepa." Ndinatero. Ndinkafuna kutulutsa chiganizo chachitali chokoma monga mmene agogo ankafotokozera pa moto, ndipo chitandikanika ndinaona ngati zonse zagwa. Nditachidula kukhala tiziganizo titatu tatifupi, chinatuluka. Bambo aja anafunsanso funso lina, ndinayankha. Pokhala pansi malaya anali atanyowa kumsana konse, koma nkhani yanga ndinali nditaimaliza.

Amaphunzitsanso tinthu ting'onoting'ono timene kusukulu palibe anatiuza: kapemphedwe koti munthu abwereze kapena alankhule pang'onopang'ono popanda kupepesa kambirimbiri, ndi mawu oti unene pamene ukuganizira yankho kuti pasagwe bata loopsa lija. Za L ndi R, zimene Amalawi timasekana nazo kwambiri, anafotokoza kuti m'Chichewa kuwasinthanitsa sikusintha tanthauzo, choncho khutu lathu silinazolowere kuwasiyanitsa. N'chimodzimodzi kusokoneza mwamuna ndi mkazi ponena za munthu wina, chifukwa Chichewa sichisiyanitsa pamenepo. Timayeserera ndithu, koma anatiuza kuti tisadzivutitse n'kufuna Chizungu cha m'mphuno, chofunika n'chakuti womverayo amve. Nthawi zina amatiuza kuti tidzijambule mawu pa foni tikafika kunyumba n'kudzimvetsera. Ntchito imeneyi ndi yowawa poyamba, koma ndi pamene ndinamva ndekha kuti Chingerezi changa chimamveka, kungoti ndimathamanga nacho pofuna kuti zithe msanga.

Tsopano zimene sizinandikomere, ndipo chachikulu ndi kumvetsera. M'kalasimo tonse timalankhula Chingerezi cha Chimalawi, aMadamu omwe, ndipo timamvana bwinobwino. Ku phiri n'zina. Kumabwera a ku Germany, a ku Netherlands, a ku Scotland, a ku America, aliyense ndi katchulidwe kake, ndipo amakufunsa ali wefuwefu, atakufulatira, mphepo ikuwomba. Nthawi zambiri mantha anga amayamba chifukwa funsolo sindinalimve, yankho ndili nalo. Pa chimenechi kalasiyi imathandiza pang'ono kwambiri. Amatiikira nkhani za BBC pa foni yawo mwa apo ndi apo, koma sipika yake ndi yaing'ono, a kumbuyo samva, ndiponso wowerenga nkhani pa wailesi salankhula monga amalankhulira munthu wotopa pa chitunda. Kasipika ka Bluetooth si kodula poyerekeza ndi ndalama imene tonse timapereka pa mwezi. Ndipo pa Chitakale ndi ku Boma alendo amadutsa pafupipafupi, kupempha mmodzi kuti adzacheze nafe theka la ola n'zotheka. Mpaka pano sizinachitikepo.

Chifundo chawo nachonso nthawi zina chimapitirira muyezo. Munthu amatha kulankhula zosamveka n'komwe, iwo n'kumuyamikira kuti wachita bwino. Masabata oyamba zimenezi n'zofunika, ndikuvomereza. Koma ukakhalitsa umafuna wina akuuze zoona, chifukwa mlendo sadzakuyamikira, adzangotembenukira kwa gaidi. Kufatsa komweko kumachititsa kuti abambo awiri atatu olimba mtima azidya nthawi yambiri, amayi ena n'kubwerera kunyumba atalankhula mphindi zochepa chabe, chonsecho ndi iwowo amene kalasiyi inayenera kuwathandiza kwambiri. Sagawanso anthu molingana ndi pamene afika. Wobwera lero amakhala pamodzi ndi amene anayamba kale, ndipo ndaona watsopano wina akufota atamva anzake akuyenda bwino, sabata yotsatira osabweranso.

Chipindacho chilibe siling'i, ndiye mvula ya kuno ikayamba kumenya malata kalasi imaima yokha. Magetsi akazima timaunikira ndi mafoni. Potuluka kumakhala kutada, ndipo kwa ife a ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, kabaza wa usiku amakweza mtengo, moti ukawerengera mayendedwe amaposa fizi yeniyeniyo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kukagwa chiperoni anthu amachepa kwambiri. Chinanso chimene chimatipweteka ife a ku phiri n'chakuti malipiro ndi a mwezi wathunthu, kaya wabwera kaya sunabwere. Nyengo yachilimwe, pamene alendo amachuluka, munthu umatha kukhala m'phiri masiku angapo otsatizana. Ndinawapempha kuti azilola kulipira pa tsiku, anandiyankha kuti lendi ya chipinda ndi ya pa mwezi. Yankho lawo n'lomveka, koma anzanga muwerengere bwino. Ndi bwino kuyamba nyengo ya mvula pamene ntchito ya ku phiri imachepa.

Nanga zandithandiza? Mantha sanathe, ndipo aMadamu sanalonjezepo kuti adzatha. Chasintha n'chakuti tsopano ndimalankhula mtima ukugunda chomwecho. Ulendo wina tikuchokera ku Chambe, gaidi ali patsogolo ndi gulu, mayi wina wachikulire anatsalira nane n'kuloza zitsa za mitengo, kufunsa kuti kunachitika chiyani. Sindinamve bwino, ndinamupempha kuti abwereze, anabwereza osakwinya nkhope. Ndinamuuza kuti umenewo unali mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha. Ndinamuuza kuti odula mozemba ndi moto wolusa ndi zimene zautha, ndiponso kuti anthu akhala akubzala mbande kuti ubwerere. Tinayenda tikucheza mpaka pa mtsinje. Mawu ena ndinaphonya, iye anamva. Pa foni ndimavutikabe kwambiri, chifukwa nkhope ya munthu sindiiona. Gulu la alendo likandizungulira onse maso pa ine, kukhosi kumaumabe.

Mu Julayi 2025 phiri lathu linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ozungulira phirili. Nkhani zimenezo odziwa ake ndife amene tinakulira m'tsinde mwa phiri, ndipo ambiri a ife ndi omwe aja amene timangomwetulira n'kuloza gaidi. N'chifukwa chake ndikufunitsitsa kuti anzanga onyamula katundu apiteko, ngakhale kalasiyi ili ndi zofooka zimene ndatchulazi.

Ngati mukufuna kubwereza MSCE, kuno si kwanu, kalembetseni ku sukulu ya openi kumene amatsata silabasi. Ngati kuwerenga Chingerezi kumakuvutani n'komwe, mudzatsalira, chifukwa sayambira pa zilembo. Koma ngati mumalemba bwino meseji koma wina akakuimbirani mumasiya foni ilire mpaka idule yokha, pitani mukaone. Amalola kukhala nawo tsiku limodzi musanalipire. Tengani kope, tochi ndi juzi. Ine ndalipiranso mwezi uno, ndipo tagwirizana ndi aMadamu kuti Loweruka lina kalasi yonse ipite ku Dziwe la Nkhalamba, tikayeserere panja madzi akusokosera, ine ndili patsogolo ngati gaidi.